Mipando Iwiri

Kuno ku Scarborough mphepo imalowera pansi pa chitseko
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Ndimayamba ntchito eyiti koloko usiku.
Chipinda cha a Thwaite ndi chomaliza kumanzere,
pomwe kapeti anatha ndi mawilo a njinga za odwala.

Anaphunzitsa Chigiriki mpaka imvi.
Lero sadziwa ntchito ya supuni.
Mwana wawo Rosalind akabwera Lamulungu
amamufunsa mwaulemu ngati wabwera kudzakonza hita.
Koma ndikamawamanga mabatani a malaya ogonera
amayamba kutchula mafumu a ku Sparta,
uje anabala uje, uje anabala uje,
zala za kumanja banja lina, za kumanzere linalo,
osaphonya ndi mmodzi yemwe.

Ati mzinda umodzi, mafumu awiri nthawi imodzi.
Ndinaseka.
Atambala awiri salira m'khola limodzi, bambo.
Iwo ati analira, mwanawe, zaka mazanamazana,
akuyang'anana ndi diso la nkhwezule
chiyambire mapasa amene anabala nyumba ziwirizo.
Wina akapita kunkhondo, mnzake ankatsala kumudzi.
Paphwando ankalandira magawo awiriawiri,
koma mwezi ndi mwezi ankalumbira pamaso pa akuluakulu asanu
kuti sadzalumpha lamulo.
Apa amakweza chala, ngati ndili m'kalasi,
phala likuzizira m'mbale.

Mfumu ikafa, ati, okwera pa akavalo ankamwaza uthenga,
amayi n'kumazungulira mzinda akuomba miphika,
khamu likulira kuti uyu ndiye anaposa onse.
Aliyense womwalira, anaposa onse.

Ine dzina la agogo awo a amayi anga sindilidziwa.
Panalibe wolilemba.
Mwana wanga ali ku Balaka kwa mchemwali wanga,
chaka chachinayi tsopano.
Pafoni amandipatsa moni wa alendo,
kenako amafunsa ngati nsapato zija ndatumiza.
Lamulungu ndimapewa maso a Rosalind.

Anatisiya Lachiwiri, mu Febuluwale, m'bandakucha,
dzanja lamanja litafumbata,
lamanzere zala zitatu zili chitambasukire,
mzerewo osautsiriza.
Nesi analemba nthawi. Ndinatsegula zenera pang'ono.
Panalibe kavalo, koma galimoto yotola zinyalala
ikubwerera chammbuyo mumsewu wonyowa.

Ndinatsikira kukhitchini,
ndinatenga poto wamkulu wophikira supu
ndi supuni ija inawasokoneza,
n'kugogoda kawiri,
pang'onopang'ono,
kuti ndisadzutse enawo.