Mpando Wachisanu ndi Chiwiri

Lachitatu lililonse basi imanditula
pafupi ndi chipatala ku Bradford, mvula ili waa,
ndipo ndimakwera masitepe nsapato zili chonyowa.

Mipando isanu ndi iwiri, mozungulira.
Palibe tebulo loti ubisalepo,
kabokosi kokha ka mapepala opukutira misozi.

Masabata anayi ndinangokhala duu.
Kwathu ku Ntcheu nthenda iyi ilibe dzina,
amati ukuganiza kwambiri, idya, pemphera.
Ine ndinkasambitsa nkhalamba za eni usiku wonse
n'kumalephera kusamba ndekha kukacha.

Anayamba ndi Desmond, dalaivala wa malole wopuma,
manja ngati makasu, mawu ngati a mwana:
"Ndimaopa kutsegula makalata."
Shabnam anaseka, kenako misozi mbwee,
poti ake ali m'jumbo kuseri kwa firiji.
Anga ali pansi pa matiresi.
Ndinanena. Mawu anatuluka okha, osanditsanzika.

Mayi Oyelaran, otitsogolera, salankhula zambiri.
Amangofunsa, "Ndani wina akuzidziwa zimenezi?"
manja n'kumadzuka mwamanyazi,
limodzi, awiri, anayi.

Sindinachire ayi, ndisakunamizeni.
Alipo masiku makatani sinditsegula.
Koma sabata yatha nditajomba,
akuti Desmond anakana kuti mpando wanga auchotse.
Unakhala pomwepo, wopanda munthu,
ola lathunthu ndi theka,
ukumvetsera m'malo mwanga.

Dzulo ndinatsegula kalata imodzi.
Inali ya magetsi chabe.
Ili m'chikwama, yopinda bwinobwino,
ndikawaonetse Lachitatu.