Thabwa la Kuseri kwa Chitseko

Ine ndine wometa.
Zaka khumi ndi zinayi pano pa Chinkhoma,
tsitsi lomwe ndasesa likadakhala fodya
bwenzi ndili ndi lole.
Palibe anandifunsapo chikalata cha lumo
mpaka tsiku lomwe ndinagula firiji.

Anayambitsa ndi alimi.
Nyengo ya okushoni, matumba atatupa,
amadzaza benchi kudikira mpando,
wina nkuti, "Lufeyo, kukhosi kwalowa fumbi,
kodi pano nkumeta kokha?"
Mawuwo anagona m'khutu mwanga mwezi wathunthu.

Ndinakwera minibasi ya ku boma.
Ku khonsolo Mayi Kanyinji anayang'ana fomu,
kenaka anayang'ana ine.
"Muli ndi bala?"
Ayi.
"Malo ogona alendo? Odyera?"
Ayi mayi, ndili ndi kalilole, mipando iwiri
ndi makina olira ngati njuchi.
Cholembera chawo chinazungulira pepala
ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Lachinayi anabwera okha ndi tepi.
Anayeza kuchoka pakhomo panga kufika pa mpanda wa sukulu,
anasuzumira m'chimbudzi atagwira mphuno,
nati ndikumbe china, cha amayi,
nati nditseke nthawi yakutiyakuti,
nati, "Lalikulu ndi ili:
wosakwana zaka khumi zisanu ndi zitatu
asaponde muno."
Ine mutu gwedegwede ngati gulo pa mtengo,
maso ali pa chidindo.

Laisensi ndinaiika m'galasi,
pamwamba pa chithunzi cha masitayilo.
Mabotolo anayamba kutuluka thukuta pa shelefu
pomwe kale pankakhala sipiriti ndi paudala.
Ndalama zinabwera, ndisaname.
Ndinakhoma malata atsopano,
ngongole ya feteleza ndinaithetsa ndi dzanja limodzi.

A Gwetsani, atatsitsa anayi,
anafuna ndiwapale ndevu.
Lumo lili pansi pa khutu, iwo phwete kuseka
nthabwala ya dzulo.
Thonje linafiira.
Kuyambira apo ndinakhoma lamulo langalanga
lomwe khonsolo sinaliganize:
kumeta kaye, botolo pambuyo.

Koma lija lalikulu
linandipeza Lamulungu masana,
mawa lake sukulu zikutsegulira.
Make Tsilizani anaima pakhomo,
mwana atamugwira pamkono.
Mnyamata ameneyu ndinamumeta koyamba ali ndi zaka zitatu,
akulira ngati ndikumudula khosi,
atakhala pa thabwa
lomwe ndinkapingasa pa mikono ya mpando
kuti timitu tifike pa kalilole.
Ndikudziwa kachipsera ka kunkhongo kwake,
ndikudziwa pomwe tsitsi lake limazungulira.

Mayiwo anawerenga chikwangwani milomo ikuyenda.
Anamva mabotolo akugundana mkati.
Sananditukwane.
"Tiye kwa a Nthala, kuseri kwa chigayo."
Mwana anacheuka kamodzi,
dzanja likusisita mutu wake wosameta.

A Nthala amasiya mizere, aliyense akudziwa.

Tsopano thabwa latsamira kuseri kwa chitseko,
kangaude wamangapo nyumba yake
popanda kupita ku khonsolo.
Usiku ndikamasesa
tsache limakoka zitsekerero za mabotolo,
ndevu, imvi, zotsalira za madazi.
Lija lofewa, lakuda bii,
louluka ukangopuma,
mulibe.

Fodya watha, malole apita,
alimi abwerera ku Chamama ndi ku Santhe.
Firiji ikung'ung'udza yokha pakona
kudya mayunitsi anga.

Dzulo Mayi Kanyinji anadutsa pa njinga yamoto,
nandiponyera fomu ina:
chaka chatha, nthawi yokonzanso.
Ili m'thumba la shati, yopindidwa kanayi.
Ndaitulutsa kawiri lero.
Cholembera ndili nacho.
Koma belu la sukulu langolira kumene,
ndipo ndaima pakhomo, chipeso m'manja,
kuwerenga timitu tikudutsa,
tonse tometedwa mokhota.