Pijo ya pa Njerwa

Ndinaipeza ku Kawale, kuseri kwa nyumba ya a Nangozo,
itakhala pa njerwa zinayi
ngati wodwala wodikira dzina lake pa benchi ya ku Bwaila.
Pijo folo-zilo-folo. Nkhuku inkaikira pa mpando wa dalaivala.
Mwini wake anapita chaka cha njala,
makiyi ali m'thumba la jekete yomwe anamuika nayo.
Ndinalipira theka. Theka linalo, anatero a Nangozo,
mudzabweretse tsiku lomwe idzalire.

Tinaikoka ndi chingwe mpaka ku Biwi,
anyamata a kabaza akutiimbira mabelu onyoza njira yonse.

Miyezi khumi ndi inayi.
Ndinazula mipando yakumbuyo, imene inanyamulapo akwati,
mabelo a kaunjika, ndi maliro awiri amene ndikuwadziwa.
Ndinachotsa bampala, wailesi, kaliyala ya padenga,
chilichonse chimene mphepo ikanachigwira malaya.
Pansi pa kapeti ndinatola khobidi lakale ndi chipeso chaguluka mano.
Chipeso ndinataya. Khobidi ndinabwezera pomwepo.

Injini ndinagula kwa Mdyetseni ku Malangalanga,
ya galimoto imene inagona chagada ku Nathenje.
Inakana kulowa. Ndinadula, ndinawotcherera, ndinadulanso.
Magetsi akathima ndinkakhala pa tayala
kudya chinangwa ndi zala za girisi,
maso ali pa dzenje limene mtima unayenera kukhala.

Filesi, mkazi wanga, anabwera kamodzi kokha.
Anasuzumira m'kati, nati, ngakhale thumba la makala
iyi singanyamule, ndi yachiyani?
Ndinati ndi yothamanga.
Kuthamangira kuti?
Funso limenelo ndinagona nalo mpaka mvula inatha.

Kenako petulo anasowa.
Zigubu anakaniza, ndiye tinaikankhira pa mzere Pijo imene,
masiku atatu, kumbuyo kwa minibasi ya ku Likuni,
galimoto imene ndinaipangira kusiya mphepo m'mbuyo
ikuyenda mikono iwiri pa ola,
ine ndikugona pansi pomwe panali mipando.

Lamulungu, kusanayere bwino,
msewu wolambalala tawuni uli zii.
Muvi wa liwiro unafera pa fote kalekale,
choncho Tikambenji, mwana wa mlongo wanga,
anaima pa polo ya magetsi ya makumi awiri ndi foni m'manja:
ukandiona ndikunyamuka udine, ndikakudutsa udinenso.

Giya yoyamba, chikhosomolo cha nkhalamba.
Yachiwiri, inakumbuka china chake.
Yachitatu, chiwongolero chinayamba kundimenya m'zikhato,
waya womanga chitseko akulira ngati udzudzu m'khutu,
yachinayi,
minda ya chimanga inasungunuka kukhala mzere umodzi wobiriwira,
mapolo akubwera awiriawiri,
misozi ikuthawira kumakutu,
ndipo kwa kanthawi kaja
panalibe lendi, panalibe Mdyetseni ndi kabuku kake ka ngongole,
panalibe funso la Filesi,
kunali kutsogolo kokhakokha.

Phuu! Paipi ya madzi.
Nthunzi tolo, fungo la labala wopserera.
Ndinaima m'mbali mwa munda wa mbatata, mawondo akugundana.

Tikambenji anafika wefuwefu, nsapato imodzi ili m'manja.
Masekondi angati?
Malume, sindinadine.
Ndimangoyang'ana.

Madzulo ndinapita ku Kawale ndi theka lija mu envelopu.
Yalira? Yalira, mayi.
Anawerenga ndalama kawiri, akunyowetsa chala,
nati bambo a Zione sankapitirira fote,
ankati galimoto ndi ngati munthu, siifuna kuikalipira.
Ndili pa geti anandiitananso.
Njerwa zija zikadalipo kuseriku, anatero,
mutenge, mudzazifuna.