M'mphepete mwa Fomu

Anandituma ndi fomu ya masamba anayi
kumsika wa Tsoka, kuseri kwa kaunjika,
kumene aGwedeza amayala mizu pachiguduli.

Dzina la mankhwala? Muwawani.
Mlingo wake? Anandionetsa chikhatho chofumbata.
Tsiku lotha mphamvu?
Anaseka: "Mtengowo ukadali chiimire ku Dzalanyama,
pokhapokha ootcha makala atafikako dzulo."

Mabokosi a pafomu ndi aang'ono.
Chikhatho sichilowamo.

Koma ine ndinaika m'manda mlamu wanga Dafuleni.
Anagula botolo m'minibasi ya ku Kawale,
lochiza shuga, chindoko, mutu ndi tsoka lomwe,
nataya mapiritsi akuchipatala m'chimbudzi.
Botolo lopanda dzina la mwini.
Nambala ya foni siinkapezekanso.

Ndiye ndinakhala panjerwa.
"Bambo, tiyeze chikhathocho ndi supuni."

Anayang'ana mtsinje, wofiira ndi matope a Januwale.
"Lembani," anatero. "Koma mulembenso kuti
wotsokomola magazi sindimugwira,
ndimamukweza kabaza wa ku Bwaila.
Bokosi la zimenezo lili pati?"

Ndinatembenuza masamba onse anayi.
Panalibe.
Ndinalemba m'mphepete,
cholembera chikuboola pepala pabondo.