Mapensulo Osasongola

Ku Kamwala, pakhonde la shopu ya nsalu,
ndili ndi kathebulo kokonzerapo mawotchi.
Koma m'dirowa ya m'munsi mulibe wotchi.
Mwagona mapensulo khumi ndi asanu ndi anayi,
a mkuwa, a siliva wodetsedwa ndi thukuta,
aja opotokola kumutu
kamtovu n'kusuzumira kukamwa
ngati lilime la buluzi.

Yoyamba ndinaipeza ku Soweto
m'thumba la jekete ya salaula.
Mwini wake anafera kudziko lozizira, kaya,
koma anandisiyira mano ake pachivindikiro.
Ina inali ya kalaliki wa njanji
amene ankawerenga mabogi
tauni ino isanamere nyumba zosanja.
Ina ndinasinthanitsa ndi mabatire awiri
kwa mwana amene ankatokosera nayo matope m'nsapato.

Anzanga amati, Kwenda, wapenga,
bolopeni ili pa mtengo wa chitumbuwa.
Sindiyankha. Pensulo ya mtengo imafupika,
tsiku ndi tsiku mpeni ukuidya.
Izi zimatha m'kati mokha,
kunja zili chiimire,
monga amuna ena amene ndikuwadziwa.

Lachiwiri kunabwera mayi Esinati a ku Chilenje,
atamanga kanthu pamfundo ya chitenje.
Yagolide, yowonda, yokhala ndi kamphete.
Mtima wanga unathamanga kukawerenga ndalama.
Iwo anati, sindigulitsa.
Malemu ankandilembera nayo ali ku migodi.
Yauma khosi. Itsegule.

Ndinadontheza mafuta a makina osokera,
ndinanyengerera, ndinapempha,
mpaka inalira kamodzi, tswii, n'kumasuka.
Kumbuyo kwake, m'kachipinda kobisika,
munali timitovu titatu tosathyoka,
tosungidwira makalata
amene sanalembedwe.

Ndinaikamo kamodzi.
Anati, ine sukulu ndinangoiona pawindo,
lemba ndiwe dzina langa.
Ndinalemba kuseri kwa lisiti.
Anayandikitsa pepala kumaso,
minibasi zikukuwa Chilenje, Chilenje,
anthu akutigunda ndi matumba.
Anati, mtundu ndi womwewo,
koma dzanja lako n'lopupuluma.
Iye ankapinda mchira wa chilembo chomaliza.

Anandipatsa malalanje awiri,
namanganso mfundo, napita.

Madzulo ndinatsegula dirowa
ndi kusendeza mapensulo onse kumanzere,
kusiya malo a chala chimodzi.
Sindikudikira kuti mayi aja afe, ayi.
Ndangosiya malo.