Kuseri kwa Khoma

Sugna, mwana wanga wozula anthu mano ku Pune,
wandilipirira usiku umodzi.
Mtengo wake wakana kundiuza,
koma ndauona m'maso mwa mlonda
pamene amayang'ana nsapato zanga.

Atilandira ndi ng'oma.
Wina watiwaza maluwa kuchokera pakhonde la m'mwamba,
ine n'kuzinda, kuyesa pulasitala akugumuka.
"Takulandirani, bwana Mangilal,"
watero wa nduwira yofiira, manja pamodzi,
pa chipata chachikulu chija
chodutsa njovu ndi woikwera yemwe,
chimene abambo sanapondepo n'kamodzi komwe.
Iwo ankalowera kumakola a akavalo,
pa kakhomo kofuna uyambe wapinda msana.

Abambo anali a chingwe.
Chinsalu chinkalendewera pamwamba pa bedi la mfumu,
chingwe chake n'kutulukira pa kabowo m'khoma,
ndipo kuseri kwa khomalo, pansi,
mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri
ankakoka, kusiya, kukoka.
Dzanja likalema ankamanga ku chala cha kuphazi.
Ntchitoyo inkafuna ogontha
kuti manong'onong'o a m'kati asatuluke.
Abambo anagontha zaka zisanu ndi zinayi.
Ankamva zonse.
Sanatiuzepo kanthu,
kupatula kuti mfumu inkaliza mkonono
ngati ngamila yokana katundu.

Lero kiyi ndi kakhadi.
Bafa la nsangalabwi, kukula kuposa khitchini yathu;
madzi ake angamwetse mbuzi zanga mwezi wonse wa Meyi.
Matawulo awapinda ngati atsekwe, ndaopa kuwapasula.
Kudenga kuli timagalasi chikwi
ndipo m'kalikonse muli nkhalamba
yovala jekete la mkamwini.
Madzulo atibweretsera mkate wa mchewere,
womwe uja amayi ankaotcha mvula ikakana,
pa mbale yasiliva, ataupatsa dzina lalitali.
Sugna waseka mpaka kutsamwa.

Mphepo ikutuluka yokha m'kabokosi.
Ilibe dzanja. Ilibe chala.
Ikulowa m'mabondo.

Tulo osabwera.
Bedi likundimeza ngati mchenga wa kuchipululu,
pikoko akulira kwinakwake ngati mwana wotayika pamsika.
Ndadzuka, ndayamba kupapasa khoma,
pang'onopang'ono, monga umafufuzira chotupa pa ng'ombe,
ndipo kuseri kwa chithunzi cha alenje oponda kambuku wakufa
ndakapeza:
kabowo kofanana ndi khobidi,
kotsekedwa bwino, penti wake wosiyana pang'ono.
Mwina si komweko.
Nyumbayi ili ndi zipinda makumi asanu ndi limodzi.

Ndatuluka opanda nsapato.
Chitseko chadzitseka chokha kumbuyo kwanga, kakhadi kali m'kati.
Ndakhala pansi, msana kukhoma.
Mwala wake ukadali wofunda ndi dzuwa la dzulo.

Cha m'ma fili koloko wabwera mtsikana
akukankha kangolo ka nsalu zakuda,
pachifuwa palembedwa Kesar.
"Bwana, mwadzitsekera kunja?"
Ndati inde. Ndati ayi.
Ndamufunsa kumene amalowera akamabwera kuntchito.
Waloza ndi chibwano kumunsi,
kumene tsopano amasisitako alendo ndi mafuta onunkhira:
"Kuseri uko kuli kakhomo.
Timaweramapo."

Ndamuuza akhale pansi, apumitse miyendo.
Waponya diso ku kamera ya pakona,
wamwetulira ngati sanamve.

Wanditsekulira, wandifunira tulo tabwino, wapita,
gudumu limodzi la kangolo likulira.
Sindinalowe msanga.
M'chipinda chinacho Sugna akuliza mkonono,
mwana wa mwana wa chingwe,
pa nsalu zoyera, pansi pa denga lagolide,
ndipo ndikayang'ana phazi langa pamwalapo
chala chachikulu chikugwedera chokha,
kukoka, kusiya,
kukoka.