Pa Sikisite

Pijo yakale ya bambo
yatuluka dzana m'galaja ku Chilenje,
giyabokosi atayipanganso opaleshoni.
Koma pa msewu wa ku Kafue,
singano ikangokhudza sikisite,
thupi lonse limagwidwa malungo.

A Daka sanatsegule n'boneti komwe.
Anakhazika kapu ya madzi pa dashibodi,
nati, "Ponda moto, ine ndimvetsere ndi msana."
Madzi anavina.
Matayala, akuti, alibe mlandu.

Pa Makeni anayala katoni,
nakwawira kunsi chagada, tochi kukamwa.
Pa shafiti, timizere tiwiri ta choko
tafulatirana ngati apongozi.
"Anaibwezera mophonya. Mano awiri basi."

Ndinaseka mpaka misozi.
Chimwalirire bambo,
ine ndinkayesa ndi manja anga.